Mutu 6: Agulugufe a M'gadeni ya Mayi Gomez

1. Mayina awiri

Thokozire anali mtsikana wa mayina awiri. Kunyumba, m'kachipinda ka lendi ku Mayville, anali Thokozire, mwana yekhayo wa a Rodrick ndi a Fainess ochokera ku Balaka. Akangotuluka pageti, chilembo chimodzi chinkasintha, n'kukhala Thokozile, dzina limene mtsikana aliyense wa Chizulu akhoza kukhala nalo.

Anafika ku Durban asanayambe n'komwe sukulu, choncho Chizulu chake chinali chosalala ngati cha mwini dziko. M'kalasi munalibe womukayikira. Ngakhale Nosipho, mnzake wapamtima amene ankakhala naye desiki imodzi, ankangodziwa kuti makolo a Thoko anachokera chakumpoto, basi.

Chaka chimenecho Thokozire anali mu Giredi 9, ndipo mtima wake wonse unali ku kalabu ya zachilengedwe imene ankaiyendetsa aphunzitsi a sayansi, Mayi Halimah. Mwezi wa February uli kumapeto, kunja kukutentha kochititsa thukuta ngakhale munthu atangokhala, agulugufe anayamba kudutsa pabwalo la sukulu. Anali oyera, ena achikasu chotuwa, ndipo onse ankalowera mbali imodzi osabwerera. Mayi Halimah anati amenewo ndi agulugufe apaulendo, ndipo analonjeza kuti Loweruka kalabu yonse ipita kukawajambula.

Thokozire anadikira Loweruka limenelo ngati tsiku la Khirisimasi.

2. Chenjezo la amayi

Tsikulo litakwana, Thokozire anadzuka n'kupeza bambo ake atapita kale. A Rodrick ankagwira maganyu a m'gadeni, lero kwa bwana uyu, mawa kwa wina, moti mwanayo sankadziwa n'komwe nyumba zonse zimene ankagwirako. Anali ndi matenda a shuga, ndipo m'mawa uliwonse ankadzibaya jakisoni asanadye.

Patebulo panali kapu ya tiyi yosakhudzidwa, pambali pake kapulasitiki ka buledi. A Fainess anadandaula kuti amuna awo abaya jakisoni n'kuthamangira tekisi m'mimba mulibe kanthu, kamba n'kumuiwalanso. Anayesa kuwaimbira, koma foni inali yozima.

Thokozire ankadziwa bwino tanthauzo la zimenezi. Bambo ake anali atawaphunzitsa onse awiri kuti shuga akatsika, munthu amatuluka thukuta lozizira, manja amanjenjemera, miyendo imapepuka, mawu amasokonekera ngati woledzera. Mankhwala ake ndi kumupatsa msanga chinthu chotsekemera. Koma a Fainess anadzilimbitsa mtima kuti kumene apitako sangawamane tiyi.

Anamuikira mwanayo buledi ndi botolo la juwisi m'chikwama, kenaka anamugwira dzanja pakhomo.

"Tamvera kuno, Thokozire. Lero ukupita kutali, kumene ine sindikudziwako munthu. Pakamwa pako pakhale pa Chizulu kuyambira pageti apa mpaka pobwera. Ndikakuimbira usayankhe, ungondilembera uthenga. Ukamva munthu akuyankhula chathu, kaya pamsewu kaya m'sitolo, usacheuke, usamwetulire, maso akhale kutsogolo. Sindikunena kuti chinenero chathu n'chochititsa manyazi ayi. Koma unaona wekha zimene anawachita a Ernest apakona apa, munthu woti wakhala kuno kuyambira kalekale. Anangoyankha foni m'tekisi, anthu n'kuwatsitsira pakati pa msewu, katundu wawo n'kumwazidwa m'ngalande. Anthu akuno ambiri ndi abwino, ndipo ena atithandizapo, koma oipawo salembedwa pamphumi. Ine ndinabereka iwe wekha. Sukulu ija ukuphunzira mwamtendere chifukwa sakukudziwa. Usaononge zimenezo chifukwa cha liwu limodzi."

Thokozire anavomera ndi mutu. Mawu amenewa anali atawamva kambirimbiri, ndipo anali asanawaphwanyepo.

3. Ku Amanzimtoti

Poyamba ulendo unali wopita kumtsinje. Koma minibasi itangonyamuka, Mayi Halimah analengeza kuti asintha. Mnzawo wina wa ku Amanzimtoti, Mayi Gomez, anali atawaimbira kuti agulugufe adzaza m'gadeni mwawo moti maluwa sakuoneka.

Sananame. Nyumbayo inali pamtunda, kumunsi kukuoneka nyanja. Kuseri kwake kunali gadeni yaikulu, kapinga wometedwa bwino, tinjira tosesedwa, ndi damu laling'ono losambiramo lozunguliridwa ndi simenti. Pa zitsamba zamaluwa za m'mbali mwa mpanda panali agulugufe osawerengeka. Ena ankatera, kuyamwa pang'ono, n'kunyamukanso kudumpha mpanda. Ena ankafika kumene, mapiko atang'ambikang'ambika.

Pamwamba pa damulo pankazungulira atombolombo amtundu wa golide. Mayi Halimah anafotokoza kuti atombolombo otere amatsata mvula, ndipo ena a iwo amaoloka nyanja yaikulu kuchokera ku India, mphepo ikuwakankha kumbuyo. Anawaonetsanso gulugufe wausiku, wamkulu ngati chikhatho cha mwana, atamatirira pakhoma pafupi ndi getsi. Anati nayenso ndi mlendo, ndipo akupuma kuti mdima ukagwa apitirize ulendo.

Thokozire anagwada paudzu, foni m'manja, mpweya ataugwira kuti gulugufe asathawe. Chithunzi chake choyamba chinatuluka bwino kwambiri moti Mayi Halimah anachionetsa kwa onse. Nosipho anamukumbatira.

Kenaka Desmond, mnyamata wokonda kuseketsa anthu, anafunsa mokweza ngati tizilomboti tili ndi mapepala olowera m'dziko. Anati n'timakwerekwere touluka, tabwera kudzadya maluwa a eni ake. Kwerekwere ndi dzina lachipongwe limene ena amaitanira anthu ochokera kunja. Ana ambiri anaseka. Mayi Halimah anamudzudzula, koma kuseka kunali kutachitika kale. Nosipho nayenso anaseka pang'ono. Thokozire anaseka nawo, maso ali pafoni.

4. Munthu wa wilibala

Akuseka choncho, kumbuyo kwa nyumba kunatulukira munthu wovala ovolosi yobiriwira, akukankha wilibala yodzaza masamba. Thokozire anazindikira kayendedwe kake asanaone nkhope. Anali bambo ake.

Maso awo anakumana. A Rodrick anamwetulira pang'ono, n'kuyang'ana kumbali, monga ankachitira nthawi zonse akakumana pagulu. Anapitirira ndi wilibala yawo kukataya masamba. Thokozire anapumira m'mwamba, n'kusunthira kumbali ina ya gadeni.

Dzuwa linakwera. Ana anabalalika awiriawiri, ena pa maluwa, ena akuthamangitsa atombolombo amene sankatera n'komwe. Mayi Halimah ndi Mayi Gomez anakhala pakhonde akuyang'ana zithunzi.

Thokozire ali ndi Nosipho pafupi ndi mpanda, anamva mapazi kumbuyo kwake. A Rodrick anali ataima pamenepo opanda wilibala. Nkhope yawo inali itatuwa, thukuta likuyenderera mpaka m'khosi. Dzanja limodzi linali litagwira nthambi, ndipo nthambiyo inkanjenjemera.

"Thokozire, mwanawe," anatero motsitsa mawu, m'Chichewa. "Uli ndi kanthu kotsekemera m'chikwamamo? Sindikumva bwino."

Nosipho anacheuka. Desmond, amene anali chapafupi, anatsitsa foni yake n'kutchera khutu. Botolo la juwisi linali m'chikwama kumsana kwa Thokozire, ndipo ankalimva kulemera kwake.

"Angikuzwa, baba," anayankha m'Chizulu, kutanthauza kuti sakumva zimene akunena. Anawatchula baba, monga mwana wa Chizulu amatchulira bambo aliyense wosamudziwa pamsewu.

A Rodrick anamuyang'ana kanthawi. Sanakwiye. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wakumbukira lamulo limene analiiwala, n'kupepesa m'Chizulu chawo chothyokathyoka kuti alakwitsa munthu. Anatembenuka kulowera kunyumba, akuyenda mwapendapenda.

Nosipho anafunsa kuti munthuyo wadziwa bwanji dzina lake. Thokozire anati mwina wamva anzake akumuitana. Anakweza foni kuloza gulugufe wina, koma chithunzi sichinagwire.

Mumtima anati bambo ake akangofika kukhitchini awapatsa tiyi.

5. Pambali pa damu

Kukhitchini sanafikeko. Atafika pakati pa kapinga anaima, n'kuyamba kuzungulira ngati munthu wosochera. Anayamba kuyankhula okha, mawu osalumikizana, kutchula mayina a anthu a ku Balaka amene ena a iwo anamwalira kalekale.

Desmond anafuula kuti wa m'gadeni waledzera. Ana anasiya agulugufe n'kuthamangira kumeneko. Mafoni amene ankajambula maluwa tsopano analoza a Rodrick. Wina anayamba kuwatsanzira kayendedwe, anzake n'kumafa ndi phwete.

Mayi Gomez anatsika pakhonde nkhope itafiira. Anawakalipira m'Chingerezi kuti awachititsa manyazi pamaso pa alendo, kuti sanayembekezere kuti munthu wodalirika ngati iwo angabwere kuntchito atamwa. Anawauza kuti atenge katundu wawo azipita. A Rodrick anatambasula dzanja ngati akufuna kufotokoza, koma pakamwa panangotuluka Chichewa chosamveka. Mayi Halimah anafunsa ngati pali amene akumva chinenero chimenecho. Ana anayang'anana.

Thokozire anali kumbuyo kwa gululo. Ankadziwa kuti bambo ake sanalawepo mowa chibadwire chawo. Ankadziwa dzina la vutolo, ankadziwa mankhwala ake, ndipo mankhwalawo anali kumsana kwake. Anatsegula pakamwa, n'kuona Desmond, n'kuona mafoni onse aja, n'kutsekanso.

A Rodrick anabwerera chambuyo, phazi limodzi, lachiwiri. Chidendene chinakodwa mu paipi yothirira maluwa. Anagwa chagada, mutu n'kumenya pa simenti ya m'mbali mwa damu. Phokoso lake linali laling'ono, koma kuseka konse kunathera pomwepo.

"Adadi!"

Thokozire sanadziwe kuti wadutsa bwanji pakati pa anzake. Anangopezeka atagwada pa simenti yotentha, mutu wa bambo ake uli m'manja mwake, magazi akudontha pakati pa zala. Ankawaitana m'Chichewa, kuwapempha kuti atsegule maso. Kenaka anatembenukira kwa aphunzitsi n'kunena m'Chingerezi, misozi ili mbwembwembwe, kuti amenewa ndi bambo ake, sanaledzere, ali ndi shuga ndipo sanadye kanthu chidzukire.

Anasolola botolo lija kuti awamwetse, koma Mayi Halimah anamugwira mkono. Anati munthu wokomoka samwetsedwa, angatsamwe. Anaitanitsa uchi. Amene anabwera nawo akuthamanga anali mayi wachikulire wovala epuloni, wantchito wa m'nyumbamo, amene nthawi yonseyi anali m'khitchini akukonzera ana zakumwa. Mayi Halimah anawapaka uchiwo m'nkhama ndi chala, ndipo wachikulireyo anamanga mutuwo ndi thaulo.

Patapita kanthawi, zikope za a Rodrick zinagwedezeka. Anatsegula maso pang'ono, koma sanazindikire aliyense.

Mayi Gomez anali ataphimba pakamwa ndi manja, akubwereza kuti sanadziwe. Anati ambulansi ichedwa, bola awanyamule pa galimoto lawo. Anyamata amene ankaseka aja ndi amene anathandiza kuwanyamula, palibe woyang'ana mnzake kumaso.

Thokozire akulowa m'galimoto, anaona Nosipho ataima payekha pafupi ndi maluwa. Anadikira kuti mwina anenapo kanthu. Nosipho anangomuyang'ana, n'kuweramitsa mutu.

6. Mawu a Esnat

Mayi Halimah anatsala ndi ana. Mayi Gomez anagwira chiwongolero. Kumbuyo kunakhala Thokozire, mutu wa bambo ake uli pamiyendo pake, ndi mayi wa epuloni uja atagwira thaulo.

Galimoto litalowa mumsewu, mayiyo anayankhula, ndipo anayankhula Chichewa. Anati dzina lawo ndi a Esnat, anabadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Dedza, ndipo m'nyumba ija agwiramo ntchito mpaka imvi. Anafunsa ngati a Rodrick sanapemphe thandizo kwa aliyense asanagwe.

Thokozire akanatha kunama, pakuti a Esnat sanaone kanthu. Koma anaulula zonse, za chenjezo la amayi ake, za botolo, za yankho lake la Chizulu, za mmene anaimira chete anthu akuseka.

A Esnat atayamba kuyankhula, mawu awo anali ofatsa.

"Ndiye iwe ndiwe Thokozire. Ine ndimakudziwa ngakhale sunandionepo. Loweruka lililonse tikakhala kuseri kuja pa tiyi, nkhani ya bambo akowa ndi iwe. Mwana wanga wakhoza sayansi, mwana wanga amadziwa mayina a tizilombo, mwana wanga adzapita kuyunivesite. M'mawa uno adona atanena dzina la sukulu imene ikubwera, munthuyu anasangalala ngati mwana. Ndinawaitana kuti adzamwe tiyi, anakana. Ndinawaitananso, anati adikire kaye amalize kusesa, mwana wawo asadzapeze malo auve pamaso pa anzake. Anandiuzanso kuti ndisakupatse moni, kuti ndingakuike m'mavuto."

Thokozire analira mosatulutsa mawu. A Esnat anapitiriza.

"Sindikukuuza zimenezi kuti ndikupweteke. Amayi ako sanalakwe kukuphunzitsa kubisa chinenero. Tonsefe timabisa. Ine m'tekisi ndine wosayankhula, pachipatala ndimaloza ndi chala. Ndi mmene takhalira ndi moyo m'dziko la eni. Koma mwana wanga, amayi ako anakupatsa lamulo limenelo kuti likusunge iwe, osati kuti likuphere bambo ako. Lamulo lililonse lili ndi pothera pake, ndipo palibe kholo limene lingakhale nawe paliponse kuti likuuze kuti apa ndiye pothera. Zimenezo umaziona wekha. Munthu akamamira sufunsa kuti ndani akundiona. Anzako aja Lolemba akhoza kukusala, akhoza kukutchula mayina, mwina mnzako wapamtima sadzakhalanso nawe desiki imodzi. Zidzakuwawa, sindikunamiza. Koma anzako a kusukulu amabwera n'kupita. Ukadzafika msinkhu wangawu sudzakumbuka n'komwe nkhope zawo. Chimene sudzaiwala ndi nkhope ya munthu uyu pamene anakupempha chakumwa. Pemphera kuti adzuke, kuti udzathe kuwapepesa akumva."

Thokozire anawerama n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu la bambo ake. Anawauza kuti ndi iyeyo, Thokozire, ndipo akuwamva. Milomo ya a Rodrick inagwedezeka, koma sipanatuluke liwu. Zala zawo zinafufuza pampando mpaka zinapeza dzanja la mwanayo, n'kuligwira mofooka. Thaulo lija linali litasanduka lofiira mbali yonse.

7. Pageti

Chipatala chimene chinali pafupi chinali chaching'ono, chozunguliridwa ndi mpanda wawaya. Galimoto litakhota kulowera kumeneko, Mayi Gomez anaponda buleki mwadzidzidzi.

Pageti panali gulu la anthu, amuna ndi akazi, ovala masikipa ofanana. Sanali alonda ndipo sanali anamwino. Aliyense wofuna kulowa ankamuimitsa n'kumuuza kuti aonetse chitupa chosonyeza kuti ndi nzika ya dzikolo. Kumbali, pansi pa mtengo, panakhala amayi angapo amene anabwezedwa, mmodzi ali ndi khanda kumsana.

A Esnat anamasula epuloni yawo pang'onopang'ono n'kuyang'ana pansi. Kuyambira pamenepo sanatulutsenso liwu.

Bambo wina wamtali anabwera pawindo la kutsogolo. Mayi Gomez anamuuza kuti ali ndi munthu wovulala mutu ndipo nthawi ikutha. Bamboyo anangozungulira n'kusuzumira kumbuyo. Anayang'ana ovolosi yobiriwira, anayang'ana magazi, kenaka maso ake anaima pa sikipa ya sukulu imene Thokozire anavala. Nkhope yake inafewa.

Anamuyankhula m'Chizulu, mokoma, ngati mwana wa mlongo wake. Anati akuona kuti iye ndi mwana wa konkuno, ndipo asaope, anene zoona zokhazokha. Wovulalayu ndi ndani, ndipo kwawo n'kuti?

Thokozire anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Anayankha m'Chizulu chake chosalala chija, mokweza kuti ena onse amve.

"Ndi bambo anga. Kwathu ndi ku Malawi. Chonde tsegulani, akufa."

Bamboyo anaongoka. Kufewa kuja kunachoka pankhope pake. Anayang'ana anzake n'kukweza dzanja, ndipo awiri a iwo anagwira geti n'kuyamba kulikoka kuti litsekeke.

Mayi Gomez analiza hutala osalekeza. Mkati mwa mpanda, pakhonde la chipatala, namwino wina amene ananyamula mabokosi a mankhwala anaima n'kucheuka. Thokozire anagoneka mutu wa bambo ake m'manja mwa a Esnat, anatsegula chitseko, n'kutsika kulunjika pa mpata wochepa umene unatsala pageti.